Chitsa cha Tiyi wa Amalume

Amalume, lero pochokera ku Luchenza ndaona thirakitala ikuzula tiyi wakale uja ku esiteti, mtima wanga wawawa.

Munabadwa ndi mutu wogwira zinthu mochedwa, ndipo abale anu enieniwo ankakutsekerani m'nyumba kukabwera alendo. Nthawi ya thangata, kapitawo wina anakupatsani ndowa kuti muzithirira mbande ku nazale ya esiteti. Kuyambira pomwepo anthu anasiya kukutchulani chitsiru, anayamba kukuitanani dzina lanu. Ndili mwana, tsiku lina munandigwira dzanja tikaime pakati pa tiyiyo. Munasisita masamba ake n'kunena kuti, "Awa ndi ana anga, mwanawe. Palibe amene anagonapo ndi ludzu."

Ndinatsika minibasi n'kukapempha chitsa chimodzi. Ndachibzala kuseri kwa nyumba, amalume, ndipo ndachithirira.