Nenani Zomwe Mukuona

Laisensi yanga ili m'chikwama, ndipo aliyense wobwera kwathu ndimamuonetsa asanakhale n'komwe pansi. Ana amati ndimawachititsa manyazi. Achite manyaziwo, ine ndinaikhetsera thukuta. Koma kunena zoona, theka la laisensiyi ndi la amayi ena aafupi, ovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, amene ophunzira awo tonse timangowatchula kuti a Nenani.

Nkhani inayamba ndi maso a amuna anga. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi bambowa ankayendetsa kavani kathu, kunyamula buledi kubekale n'kumakatula m'magolosale. Matenda a shuga atawalowa m'maso, adokotala anawauza kuti chiwongolero asachigwirenso. Mwini bekale anatimvera chisoni, koma chisoni chake chinali ndi malire. Anatipatsa miyezi iwiri kuti tipeze woyendetsa, apo ayi njira yathu aipereka kwa wina. Tsiku limenelo amuna anga anapachika makiyi pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kukakhala pampando wapakhonde. Munthu amene ankatigonthetsa m'kutu ndi nkhani za pamsewu anangoti zii. Ukawafunsa kanthu ankangoyankha ndi mutu, ndipo zimenezi zinkandiwawa kuposa za bulediyo.

Makiyiwo ndinawatsitsa ndine. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chinthu chokha chimene ndinali nditayendetsapo pamoyo wanga chinali mashini osokera.

Oyamba kundiphunzitsa anali alamu anga. Alamuwa galimoto amaidziwa, sindikana, koma mawu awo ankafika zinthu zitaonongeka kale. Zoti ndiponde buleki ankazinena titagunda kale mpanda wa aneba. Kenako ankagwira kumutu n'kumafunsa kuti, "Mwatani kodi, alamu? Simukuona?" Ine nanenso ndili ndi mtima wapachala. Sabata yachitatu ndinazimitsa injini pakati pa msewu, ndinawaponyera makiyi pamiyendo, n'kubwerera kunyumba wapansi.

Aneba aja a mpanda ndi amene ananditumiza kusukulu yophunzitsa galimoto, mwina pofuna kupulumutsa mpanda wotsalawo. Ofesi yake inali kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato. Munali tebulo limodzi, chikwangwani cha zizindikiro za pamsewu chimene chinasuluka ndi dzuwa, ndi timagalimoto tamatabwa tophunzitsira. A Nenani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatenga fulasiki yawo ya tiyi, n'kunditsogolera kugalimoto.

Nditangokhala ndinathamangira kiyi. Iwo anandigwira dzanja.

"Musalize kaye injini, mayi. Nenani zomwe mukuona."

"Ndikuona msewu."

"Msewuwo nanenso ndikuuona. Pali chiyani pamenepo?"

Ndinapsa mtima. Ndinabwera kudzaphunzira galimoto, osati kudzawerenga nkhani za pawailesi. Koma ndinanena ndithu: galu wagona pansi pa lole, mayi wa ambulera akufuna kuoloka, pagalasi njinga ikubwera kumbuyo kwathu.

"Ndiye muchita chiyani?"

"Ndidikira mayiyo aoloke, njingayo idutse."

"Basi, mwayamba kuyendetsa," anatero. "Zotsalazi n'zamapazi chabe."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkayendetsa pakamwa pali yasa. Ndikangokhala chete, ndinkamva kumanzere kwanga mawu aja, "Nenani." Iwonso akamalankhula sankataya mawu. Sankakweza mawu, sankanena zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo chilichonse ankachinena nthawi ikadalipo. "Tikadutsa mtengo wa magetsi wachiwiriwo, phazi pabuleki, pang'onopang'ono." Mawu oti uko, apo, samalani, sindinawamvepo pakamwa pawo. Ukalakwitsa sankafunsa kuti mwatani. Ankafunsa kuti munaona chiyani, ndipo yankho lako ankalimvetsera mpaka kumapeto.

Kumvetsera kumeneku n'kumene kunatulukira chinsinsi changa. Injini inkangondizimira, ndiye tsiku lina anandifunsa chimene phazi langa limamva ndikaponda kilatchi. Ndinati sindidziwa pamene imathera, chifukwa ndimaiponda ndi nsonga ya chala. Mawa lake anabwera ndi pilo wa maluwamaluwa n'kundiikira kumsana. Taonani, masabata atatu onse alamu anga ankandikalipira za mutu wanga, pamene vuto linali kufupika kwa miyendo.

Pabwalo lophunzirira kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo m'pamene anandiuza za moyo wawo, tikugawana tiyi pachivundikiro cha fulasiki. Bambo awo anali osaona, ndipo ntchito yawo inali yoluka mipando. A Nenani ndiwo ankawatsogolera m'misewu pokatula mipandoyo kwa eni ake. Tsiku lina, akadali aang'ono, anaona ngalande patsogolo ndipo analoza ndi chala n'kunena kuti, "Ababa, samalani apo." Bambowo anagweramo, n'kuchekeka pachibwano.

"Sanandikalipire," anatero a Nenani. "Anangoti, mwanangu, chala chako sindichimva. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kunena kuti ngalande, mapazi atatu, dumphani ndi lamanja. Ukangomuuza munthu kuti samala, wangomuopseza basi, sunamuthandize."

Bambowo atamwalira, a Nenani anagwirapo ntchito yogulitsa matikiti a basi, kenako anaphunzira galimoto, ndipo tsopano atha zaka makumi awiri ndi ziwiri akuphunzitsa ena. Amati ntchito sanasinthe, akutsogolerabe anthu m'misewu.

Apa nanenso ndinamasuka, ndinawauza za amuna anga ndi mpando wapakhonde uja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Nanga inu mumawauza zomwe mukuona?"

"Ndi munthu woti salankhula masiku ano."

"Sindinafunse za iwo, mayi. Ndafunsa za inu."

Ndinawabwezera chivundikiro cha fulasiki n'kubwerera kumigolo ija.

Mayeso anafika kutatsala masiku anayi kuti miyezi iwiri ya mwini bekale ithe. Woyesayo anali bambo wamtali wa nkhope yosaseka, atakumbatira mapepala ake pachifuwa. Ndinachita manyazi kulankhula ndekha pamaso pake, ndiye ndinatseka pakamwa kuti ndioneke ngati munthu wanzeru zake. Tisanatuluke n'komwe pageti, injini inazima. Bamboyo analemba kanthu. M'maso mwanga munabwera msomali uja wa kuseri kwa chitseko. Ndinati kaya, andiyese wamisala.

"Ndikuona geti, kumanja kulibe kanthu, kumanzere kukubwera takisi, ndiidikira. Yadutsa. Giya yoyamba, ndikutuluka."

Galimoto inayenda bwinobwino ngati yadzozedwa mafuta. Ndinanena maloboti, ndinanena mphambano, ndinanena nkhuku. Titafika pamene basi inaima, ndinati, "Kutsogolo kwa basiyo sindikuonako, koma pansi pake ndikuona mapazi, ndichepetsa." Nditangoponda buleki, panatulukira bambo wokankha ngolo yodzaza ndi makatoni, osayang'ana n'komwe. Woyesa uja anali atatambasula kale mwendo kufuna buleki imene kumbali kwake kunalibe. Anaubweza mwakachetechete.

Titabwerera anandifunsa kuti, "Mayi, mumalankhula chonchi nthawi zonse?"

"Mukafunse kwathu, bambo."

Anaseka, munthu uja anaseka ndithu, n'kusaina pepala. Ndinatuluka m'galimoto osatseka chitseko, ndinathamanga ndi msinkhu wangawu mpaka pansi pa mtengo pamene a Nenani anakhala ndi fulasiki yawo. Ndinawanyamula m'malere, tiyi yense n'kutayikira pansi. Iwo akukonza magalasi anangoti, "Nenani zomwe mukuona." Ndinati ndikuona laisensi, ndipo tinaseka mpaka anthu anaima kutiyang'ana.

Lolemba m'mawa ndinali ndi laisensi, ndinali ndi pilo wanga, koma magolosale makumi atatu a njira yathu anali m'mutu mwa munthu mmodzi yekha. Ndinapita pakhonde.

"Bambo, tiyeni. Njira sindikuidziwa."

"Ndikathandiza chiyani ine?" anayankha motsitsa. "Tengani ana."

Sindinakangane nawo, ngakhale kuti lilime linkandiyabwa. Ndinawagwira pamkono n'kunena kuti, "Masitepe awiri otsika, kenako mapazi asanu, chitseko chili kumanja kwanu." Anadabwa, koma anadzuka.

Titapakira buledi ndinayamba. "Tatuluka pageti la bekale. Maloboti afiira, taima. Kumanja kuli malo omwetsera mafuta aja, awapaka penti yobiriwira tsopano." Iwo chete. "Tanyamuka. Tikudutsa chipatala cha mano, mlonda akusesa pakhomo." Chete. Koma ndinapitiriza. "Kutsogolo ndikuona sitolo ya matayala, aunjika panja."

"Chepetsani."

Ndinayesa ndamva molakwa.

"Chepetsani, mayi. Mukangodutsa matayalawo pali dzenje, pitani chakumanja pang'ono. Buledi amaphwanyikira pamenepo."

Dzenjelo linalipodi, lodzaza madzi, pamalo pomwe ananenapo. Ndinalizemba, misozi ili chuchuchu, kwinaku ndikuseka. Iwo anawongoka pampando n'kutsitsa galasi la pazenera. Anandiuza kuti golosale yoyamba ili pakona yachitatu, kuti mwini wake amakonda buledi wapansi chifukwa amakhala wofunda, kuti wachiwiriyo ukamupatsa moni wachidule amakwiya tsiku lonse. Ine ndinkanena zomwe ndikuona, iwo ankanena zomwe zikubwera. Pofika golosale yachisanu ndinachita kuwapempha kuti andipatseko mpata, poti nanenso ndili ndi pakamwa.

Njira yathu sinapite kwa wina. A Nenani ndimakumana nawo kawirikawiri pamaloboti, ali ndi wophunzira watsopano amene milomo yake ikungogwedera, ndipo timaimbirana hutala kawiri. Msomali wa kuseri kwa chitseko ulipobe, koma papachikidwa ambulera. Makiyi amagona m'thumba la amuna anga. M'mawa uliwonse ndikamatuluka ndimawapeza atakhala kale m'kavani, zenera lili lotsitsa, akuliza makiyiwo m'manja.

"Mwachedwa, adalaivala," amatero pondipatsira. "Tiyeni, nenani zomwe mukuona."