Digiri Yachiwiri ya Herminia Ocoró

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, Herminia Ocoró ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khoti mumzinda wa Cali, kathebulo patsogolo, taipilaita pamwamba pake. Anthu osadziwa kulemba, ndi ena odziwa koma oopa mapepala a boma, ankabwera kudzamuuza madandaulo awo, iye n'kumawalembera makalata. Digiri ya uphunzitsi anali nayo kuyambira ali mtsikana, koma anangophunzitsa chaka chimodzi. Amayi ake atafa ziwalo anasiya ntchito kuti aziwadwazika, ndipo m'kalasi sanabwereremonso.

Chinkamupweteka n'chakuti kalata ya boma imangofuna mizere khumi. Munthu ankatha ola lathunthu akufotokoza za nyumba yake, za galu wake, za mtundu wa chitseko chimene madzi anakokolola, iye n'kulemba kuti, "Ndikupempha chithandizo." Zotsalazo ankazilemba m'makope masana, anthu akachepa.

Mwana wake Yesenia, yemwe ndi namwino, ndiye anawapeza makopewo tsiku lina akusesa.

"Amayi, izi mukusungira mbewa?"

"Bweza pomwe wazitengapo."

"Ku yunivesite kuli digiri yachiwiri ya kulemba nkhani. Amaphunzira Lachisanu ndi Loweruka basi. Mawa ndikakutengerani mafomu."

"Ine wa zaka makumi asanu ndi zinayi? Akandiyesa wodzakolopa."

"Muzikakolopa ndithu, bola makutu ali m'kalasi."

Ku yunivesite kuja anamutenga. M'kalasimo anali anthu khumi ndi awiri, ambiri a msinkhu wa Yesenia. Mphunzitsi wawo, a Baldomero Tascón, anali bambo wowonda, wosadziwa kunyengerera. Atawerenga nkhani yake yoyamba anavula magalasi.

"Mayi Ocoró, nkhani yanuyi ikugwada. Mawu oti 'mwaulemu' alimo kanayi. Pano palibe woweruza, imirirani."

Kalasi yonse inaseka. Herminia anagwetsa misozi m'basi pobwerera, koma atafika kunyumba anawerenga, n'kupeza kuti analimodi kanayi.

Loweruka lina anakangana za ntchito ya wolemba pakati pa anthu. Dalila Rengifo, mtsikana wolemba ndakatulo, wa pakamwa pakuthwa, anati wolemba si meya, si wansembe, chake n'kulemba bwino basi. Wina anati ayi, wolemba amalankhulira anthu opanda mawu. Herminia, amene sankalankhulalankhula, analephera kupirira.

"Opanda mawu ake ati, ana inu? Ine amandigonthetsa m'khutu tsiku ndi tsiku. Chimene akusowa ndi munthu wokhala pansi n'kumvetsera mpaka amalize."

Buku lake lomalizira maphunziro linali la mabanja amene anasamutsidwa m'mbali mwa mtsinje wa Cauca madzi atasefukira. Mutu umodzi unali wa mnzake Tránsito Mina, mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi kathebulo kake. Dzina analisintha, ndipo a Tascón atautumiza mutuwo ku magazini ya ophunzira, Herminia anavina m'khitchini.

Koma mdzukulu wa Tránsito anaiona magaziniyo n'kukawawerengera agogo ake. Lolemba m'mawa Tránsito anafika atamanga nkhope.

"Herminia, ndiwe wakuba. Ndinakuuza ngati mnzanga, iwe n'kukandiyanika pamsika. Dzina wasintha inde, koma ndani sadziwa mkazi amene mwamuna wake anathawa madzi n'kusiya ana?"

Ananyamula beseni lake n'kukakhala tsidya lina la msewu. Milungu itatu inatha osapatsana moni. Herminia anapita kwa a Tascón kukawauza kuti akusiya sukulu.

"Kusiya n'kosavuta," anatero iwo. "Munamuwerengerapo nokha mayiyo?"

"Ayi."

"Ndiye mukufunsa munthu wolakwika."

Lamlungu masana anakwera basi kupita ku nyumba zosanja zimene osamutsidwawo anapatsidwa. Tránsito anamutsegulira, koma mpando sanamupatse. Herminia anawerenga ali chiimire. Atafika pomwe mwamuna uja akuthawa atakumbatira wailesi, Tránsito anamudula.

"Bodza! Sinali wailesi. Anali tambala wake wandewu uja."

"Unati wailesi."

"Ndinachita manyazi. Mwamuna kusankha nkhuku, ana ali m'madzi! Ndiponso ukuti ndinakhala padenga n'kumalira. Ndinalira liti ine? Ndinazula chitseko, n'kumangirirapo ana awiri ndi chingwe choyanikira zovala, n'kukankha mpaka pamtunda. Bwanji zimenezo sunalembe?"

"Sunandiuze."

"Unandifunsa?"

Herminia anatulutsa cholembera. Tránsito anakoka mpando ndi phazi, n'kutereka khofi. Anakamba mpaka dzuwa kupendeka, wina akulemba, wina akukonza. Pomaliza Tránsito anagwira tsamba lina, lonena za mwana wake wachitatu, wakhanda, amene anamwalira ndi chibayo patatha mlungu madzi ataphwa.

"Uyu muchotse. Ndi wanga ndekha."

A Tascón anati tsambalo ndilo linali labwino kuposa onse m'bukumo. Herminia anavomera kuti n'zoona, koma analichotsabe. Kenako anayenda khomo ndi khomo kwa onse amene anawalemba, kuwawerengera. Awiri anakana, iye n'kuwachotsa. Ena anawonjezera zambiri moti bukulo linanenepa.

Tsiku loti ayankhe mafunso pamaso pa aphunzitsi atatu, Tránsito anabwera atavala diresi lake la kutchalitchi. Mmodzi mwa aphunzitsiwo atanena kuti za tambala zikuoneka zokokomeza, mayiyo anaimirira kumbuyo.

"Abwana, mukufuna ndikamutenge mwamunayo? Alipo, ndipo akuwetabe nkhuku!"

Herminia anakhoza. Bukulo linasindikizidwa ndi kakampani kakang'ono, mabuku mazana atatu okha, ndipo iye akadalembabe makalata a boma mkati mwa mlungu. Koma Loweruka amapita ku holo ya ku nyumba zosanja zija kukathandiza anthu kulemba nkhani zawo, limodzi ndi Dalila, amene anadzipereka yekha, akuti akufuna kukaonetsetsa kuti anthu sakulemba zoipa.

Tsiku loyamba kunabwera anthu khumi ndi mmodzi. Woyamba kuimirira anali bambo Evaristo, nkhalamba imene inadula nzimbe moyo wake wonse. Anatulutsa masamba asanu ndi limodzi m'thumba la malaya.

"Ndinenetu," anatero, "aliyense woseka atuluke."

Anayamba kuwerenga za tsiku limene anakafunsira mbeta atabwereka nsapato ziwiri zosafanana. Asanamalize tsamba loyamba holo yonse inali itafa ndi phwete, ndipo woseka kwambiri anali mwini wakeyo.