Diresi ya m'galasi, wosoka sadziwika

Amai, dzulo mdzukulu wanga Tisa ananditengera ku myuziyamu kuno ku Lusaka kukaona chionetsero cha zovala za m'ma 1950. Ndinapita monyinyirika, mawondo akuwawa. Koma nditafika pakona ndinangoima chilili: m'galasi munali diresi ya mwana, yobiriwira, ya kolala yozungulira. Pansi pake analemba kuti, "Yochokera ku Feira. Wosoka sadziwika." Feira, kwathu kuja! Ndinakumbuka tsiku lija tinaoloka mtsinje pa bwato kukagulitsa nsomba zouma tsidya lina ku Zumbo, inu n'kumayang'anitsitsa diresi ya mwana wa mwini sitolo mpaka ine manyazi kundigwira. Titabwerera munaijambula pa pepala la thumba la simenti, ya m'mutu basi, n'kundisokera pamanja, yofanana ndi ya m'galasiyi. Mpendero munaupinda katatu. Ndinalira kuti ikulemera, inu n'kuti, "Khala chete iwe, ukula. Tizingomasula." Sitinamasule ngakhale kamodzi. Malungo anakutengani mvula isanagwe, diresi n'kupita ndi achibale pogawana katundu wanu.

Ndinapempha mayi woyang'anira kuti anditembenuzire mpenderowo, ndione ngati muli kamfundo kofiira kamene munkasiya m'kati mwa chovala chilichonse chimene mwasoka. Anati, "Pepani ambuya, sitiloledwa kutsegula." Ndinamuuza dzina lanu kawiri. Anamwetulira mwaulemu, koma sanalembe. Mwina si yanu n'komwe, ndidziwa bwanji ine? Ndinangotsamira galasilo mpaka Tisa anandikoka dzanja kuti akutseka. Ndinali wamng'ono pamene munapita, lero ndakalamba, koma palibe chasintha. Ndakusiyaninso, Amai, m'manja mwa anthu osadziwa dzina lanu.