Sukulu Yakale ndi Nshawa za Agogo aNambewe

Ndikawaganizira agogo anga aNambewe, mphuno zanga zimamva laimu wonyowa wosakanikirana ndi fungo la ndowe za mileme, makutu nkumamva tsache likukwecha pa simenti yong'ambika m'sukulu yakale ya kwathu ku Sinda. Inali ya njerwa zowotcha, zipinda ziwiri ndi khonde lalitali, ndipo ana anasiya kuphunziramo ine ndisanabadwe, itamangidwa ina yatsopano kufupi ndi msewu. Mbuzi zinkabisalamo dzuwa, chiswe chikudya mitengo ya denga, malata akulira tsiku lonse mphepo ya Julaye ikawomba.

Ndili ndi zaka khumi, kunabwera aZulu, bambo wamalonda, kudzafuna kugula njerwazo kuti amangire bala ya mowa. Komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndipo ambiri anavomera. Agogo anali kumbuyo, akusenda nshawa, zomwe ena amati mtedza, m'lichero monga ankachitira paliponse pomwe akhala. Anadzuka, makoko akuyoyoka pa chitenje.

"Inu aZulu, njerwa zimenezo anaumba ndi atate anga ndi anzawo, matope akuponda ndi miyendo. Mufuna anthu azikodzerapo akaledzera?"

Anthu anafa nacho chiseko. Apampando, atapukuta misozi, anafunsa, "Nanga mayi, ndalama yokonzera tiitenga kuti? Boma lili ndi zake zambiri."

"Boma sililima nshawa, timalima ndife. Khomo lililonse chitini chimodzi tikakolola. Tipatseni zaka ziwiri."

Anawapatsa, mwina pongofuna kuti msonkhano uthe.

Zokolola zitalowa, agogo anayamba kuyenda khomo ndi khomo, thumba lili pamutu. Ena ankapereka mosangalala, ena ankati abambo kulibe, agogo nkungokhala pakhonde kuwadikira mpaka abwere. Loweruka amayi ankasonkhana pa khonde la sukulu ija kusenda nshawazo, akuimba nyimbo za kutchalitchi, fumbi lofiira likukwera m'mphuno, ife ana tikusenda nawo mpaka zala kuchita matuza. Koma chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo makoko ambiri analibe kanthu m'kati. Zomwe anagulitsa zinakwanira malata a chipinda chimodzi chokha. Anthu odutsa pa njinga ankakuwa kuti, "Sukulu ya aNambewe yameta mbali imodzi!"

Tsiku lina mayi anga anatopa nazo. "Amayi, mukudzivutitsiranji? Inu simunaphunziremo nkomwe."

Ine mawuwo anandikhala. Mawa lake tikuchokera ku chigayo ndinawafunsa agogo ngati zinali zoona. Anatula ufa, nandigwira dzanja kupita nane kuseri kwa sukuluyo, pansi pa zenera lopanda galasi pomwe panamera chisoso.

"Apa mpomwe ndinkaima, mlongo wanga ali kumsana. Atate anati sukulu nja anyamata. Ndinkamva aphunzitsi akuti a, e, i, o, u, ine nkumatsatira chapansipansi, koma bolodi sindinkaliona. Zenera linanditalikira." Anasisita njerwa imodzi ndi chikhatho, kenaka anaseka. "Ndiye iwe Tisa, aigwetse ndisanalowemo? Ndifuna ndidzalowere pakhomo ngati munthu."

Chaka chachiwiri nshawa zinabereka. Bambo wina amene anaphunzira pasukulupo kalekale, atamva nkhaniyo ali ku Lusaka, anatumiza magalasi a mazenera ndi matumba a laimu. Kalipentala wa pamsika anavomera kukhoma denga pomulipira mbuzi imodzi. Mitengo ya bulugamu inabwera pa lole ya aZulu omwe aja, ndipo potsitsa anauza agogo kuti, "Inu mayi, mukanakhala a bizinesi tonse tikanatseka masitolo." Masiku opaka laimu, agogo ankabwera kunyumba manja ali mbuu mpaka m'zigongono, akudandaula msana, koma kutacha anali oyamba kufika.

Itatha, komiti inagwirizana kuti chipinda chimodzi chikhale chowerengeramo mabuku, china cha sukulu ya akuluakulu masana. Tsiku loyamba agogo anavala duku latsopano, anavula patapata pakhomo ngati akulowa m'nyumba ya eni, nakakhala pa benchi yakutsogolo penipeni. Pensulo ankaigwira ngati mpini wa khasu, moti mlungu woyamba anathyola zitatu. Kunyumba ankandiitana kuti ndiwawonere homuweki, ndipo ndikaseka ankandiopseza ndi mthiko.

Panapita miyezi isanu kuti alembe dzina lawo okha. Anang'amba tsambalo m'kope nandipatsa. "Sunga. Ukadzamva wina akuti agogo ako anali mbuli, umuonetse."

Agogo anatisiya ndili ku koleji. Sukulu ija ilipobe, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe amayi a kumeneko amaipaka laimu popanda wowatuma. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ku Katete, kumene ndimasayina mapepala ambirimbiri patsiku. Tsamba lija lili m'chikwama changa, lapindika mpaka kufewa ngati nsalu, N wake atatembenuka, zilembo zikutsetsereka kumka pansi. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwa posayina. Nzoona. Dzina langa ndimalemba lonse, chilembo ndi chilembo, osathamanga.