Njira ya kumadzi imene sinali ya anthu

Ine sindine munthu wolankhulalankhula, anzanga a kuno kwa Chiosya akhoza kuvomereza, ndipo sukulu sindinapite nayo patali moti ndingapeke nkhani yotere. Izi zinandichitikiradi, Mulungu ndi mboni.

Nthawi imeneyo amuna anga ankaphika kunyumba kwa abwana a pa esiteti ina ya fodya, ine ndinkalera kamwana ka adona, wanga woyamba ali kumsana, asanayambe n'kuyenda komwe. Fodya atatha kugulitsidwa, abwana anati banja lonse likapume ku Zambia, kunkhalango yosungirako nyama, ndipo ifenso tipite nawo, bambo kukaphika, ine kukagwira mwana. Mtima unkakana koma pakamwa panalemera. Mumakana bwanji pamaso pa adona?

Tinadutsa pa boda, tinayenda pa galimoto mpaka msana kuwawa, kenako msewu unathera pamtsinje. Abale, mtsinje umene ine ndinkaudziwa ndi wa kwathu uja timawoloka titangokweza chitenje m'chilimwe, koma uwu munthu akaima tsidya linalo amaoneka ngati nyerere. Anatikweza m'mabwato ang'onoang'ono opanda injini, ongopalasa. Bambo amene ankatitsogolera, wa komweko, wolankhula Chinyanja chawo chija, anandiseka kuti mayi wa ku Malawi wagwira bwato ngati akukama ng'ombe, ndilisiye lisanatulutse mkaka. Onse anaseka, ine ndinangowerama. Mvuu ndinaziona, timakutu tokha pamwamba pa madzi, bamboyo akugogoda bwato ndi nkhafi kuti zidziwe tikudutsa. M'mutu mwanga ndinati izi n'za m'madzi ngati nsomba, tikangotsika basi tapulumuka.

Madzulo tinaima pamtunda wina wa mitengo ikuluikulu, anyamata antchito anakhoma matenti. Kunalibe nyumba, kunalibe msewu, foni osagwira. Bambo wotitsogolera uja anaitana anthu onse n'kulankhula nthawi yaitali m'Chingerezi, akuloza uku ndi uku. Amuna anga anali kalikiliki kutsitsa mapoto, ine ndinali kuseri kwa tenti ndikuyamwitsa, pajatu kwathu mkazi sakhala pakati pa amuna akamakambirana. Palibe amene anabwera kudzandiuza zimene zanenedwa, nanenso sindinafunse.

Tsono vuto langa linali matewera. Mwana wa adona ankavala zogula zija amangotaya, wanga ankavala a nsalu, ndipo masiku amenewo ankamera mano, m'mimba motsegula. Madzi pa malopo ankatunga ndi amuna. Inu amayi anzanga mundiuze, mungamutume mwamuna wa eni kuti akutungireni madzi ochapira zoipa za mwana? N'kuchapira pati, poti paliponse panali pafupi ndi tebulo limene abwana amadyera? Matewerawo ndinawabisa mu jumbo, koma fungo silibisika, ndipo tulo sindinatione bwino, ndikungotembenuka, ndikuganiza kuti mawa adona akanunkhiza nditani.

Kutangoyamba kuyera ndinabereka mwana, ndinatenga beseni ndi sopo, ndinatuluka mwakachetechete. Kuseri kwa mitengo ndinapeza njira yabwino zedi, yopondedwa mpaka kusalala, yolowera kumtsinje, ndowe zitamwazika m'masamba a m'mbali. Ndinasangalala! Kwathu njira yotere ndi ya kudooko, kumene amayi amachapa ndi ng'ombe zimamwera, ndiye ndinati kumene kumapita ng'ombe ndi anthu kulibe choopsa. Zoti m'nkhalango muja mulibe mudzi, mulibe khola, sizinandifike m'mutu n'komwe. Potsetsereka njirayo inalowa pansi ngati ngalande, zipupa za dothi uku ndi uku kupitirira mutu wanga, mpaka inakathera m'madzi.

Ndinagwada n'kuyamba kuchapa mofulumira. Ndili pa thewera lachiwiri kapena lachitatu, mwana anayamba kudumphadumpha kumsana akuseka, monga ankachitira akaona ng'ombe. Kenako ndinamva m'mawondo kuti pansi pakugwedezeka. Nditacheuka, njira yonse inali yatsekeka. Chimutu chokha chinali ngati ngolo, chikupuma kuti fuu, fuu, udzu ukulendewera kukamwa. Inali mvuu, ikuchokera kumtunda kumene inakadya usiku, ikubwerera kwawo, ndipo amene anaima pakhomo pake ndinali ine.

Ndithawire kuti? Kutsogolo madzi akuya a ng'ona, m'mbali zipupa, kumbuyo iyo. Ndinati ndidziphatike kukhoma, ndinakumbukira kuti kumsana kuli mwana, ndimuphwanya ndekha. Sindikudziwa nzeruyo inachokera kuti, koma ndinamutembenuzira kutsogolo monga timachitira poyamwitsa, ndinaona kamphako pansi pa mizu ya mtengo m'chipupa, ndinamukankhiramo ndi chifuwa changa, ine n'kutseka pakhomo ndi msana. Anayamba kukwinya nkhope kuti alire, ndinamuika bere m'kamwa. Iye kumayamwa bwinobwino, kumandisisita pachibwano ndi kadzanja, osadziwa kanthu.

Chinyamacho chinaima. Chinatsegula kukamwa, sindinaone koma ndinamva, phokoso lake linalowa m'mafupa, ndi fungo la udzu woola. Ndinayesa kupemphera, mawu onse anathawa, ndinangotsala ndi akuti mwana yekhayu, mwana yekhayu. Kenako chinathamanga. Inu mumati mvuu n'njolemera, siithamanga? Chinandikhula kumsana ngati khoma likudutsa, mpweya wonse unatuluka, ndinamva beseni likuphwanyika, madzi kuti phava, basi zii.

Sindinatuluke. Ndinangokakamira pamphakopo, mwana ali pabere. Anandipeza momwemo ndi bambo wotsogolera uja, atatsata mapazi anga, amuna anga ali pambuyo akuitana dzina la mwana. Bamboyo ataona beseni litaphwatalala ndi bulauzi yanga itang'ambika, magazi akutsika, anangokhala pansi m'matope, nthabwala zonse zitamuthera. Amuna anga anayamba kukalipa kuti ndapenga kodi, mawu anawathera pakati, anandilanda mwana n'kumamuyang'ana zala chimodzichimodzi. Atandifunsa chimene ndinadzera kuno, ndinaloza matewera akuyandama. Bamboyo anagwira kumutu, anati mayi, iyenso ana ali nawo, matewera amawadziwa, ndipo sanamvepo kuti anapha munthu, koma njira iyi anthu amafera. Anati dzulo lija ankanena zomwezi, kuti wina asayandikire tinjira tolowa m'madzi, makamaka m'mawa. Titabwerera kumatenti, adona atamva nkhaniyi anafiira nkhope, anati ankayesa kuti amuna anga andiuza, amuna anga ankayesa kuti ndamva ndekha.

Anandipaka mankhwala, koma kubwerera kunalibe njira ina, bwato lomwelo, pakati pa timakutu tomwe tija. Ulendo wonse mwana ndinamumangirira kutsogolo, ndipo kwa miyezi yambiri kumsana sindinkamubereka, anthu kumudzi mpaka kumandiseka. Mpaka lero ndikamachapa kudambo ndimangocheukacheuka, ng'ombe ikapuma kumbuyo kwanga sopo amagwa.

Apongozi anga amati makolo ndi amene anaiphimba m'maso mvuu ija. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anakumba kamphako kaja ine ndisanabadwe, kongokwana mwana mmodzi. Koma sindinganene kuti adzakumbiranso wina. Ndiye inu amene mumatenga antchito kupita nawo kuchilendo, zoopsa muziwauza m'chilankhulo chawo, mmodzimmodzi, ngakhale uja wakhala kuseri. Nanu amayi anzanga amanyazi ngati ine, kumalo kumene simukudziwa funsani musanaponde njira, kaya ioneke yosalala bwanji. Kuli bwino amuna onse aone matewera a mwana wanu kusiyana n'kubwerera kumudzi ndi matewera okhaokha.