Amati Joni n'kutali

"Musandiuze zoti n'kutali, ababa! Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Joni kuno ndi maola awiri ndi theka basi pa ndege!"

Anakuwa choncho pa foni mwana wanga Tiyamike, amene wangobereka kumene mdzukulu wanga woyamba, ine nditakana kupita kukamuona. Ndinadula foni.

Maola awiri ndi theka! Bambo anga anapita pa ndege ku migodi ya ku Joni ndisanayambe sukulu. Ndikafunsa kuti abwera liti, amayi ankangoti, "Ali m'njira mwanangu, Joni n'kutali." Kupusa kwanga, ndinkakhulupirira kuti ndege yawo ikadali m'mwamba, ikubwera pang'onopang'ono. Ndege ikangolira pamwamba pa Lizulu, ndinkataya khasu m'munda wa kachewere n'kuthamangira pachulu, matope ozizira ali thoo m'manja, ndikukupiza malaya. "Ababa, tererani pano!" Ndinkawamveranso chisoni: munthu kukhala pampando zaka zonsezi, matako osatupa? Kachewere wamkulu ndinkamukwirira padera kuti adzadye akatera. Wina ankamera, wina ankawola.

Sanatere. Tinangomva kuti ali ndi banja lina kumeneko, kenako kuti anamwalira.

Ine pa njinga kupita ku Bwanje ndimatha nthawi yoposa maola awiri ndi thekawo! Munthu uja sikuti kunamutalikira ayi, anangotitaya. Ndiye ine ndi imvi zangazi n'kumauza mwana wanga bodza lomwelo?

M'mawa mwake ndinameta ndevu, n'kukwera minibasi kupita ku boma kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti.