Landirova ya a Gideon Ipita ku Zingalume

A Gideon Sakala akhala akuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale pa boma la Chadiza kuyambira tsitsi lawo lili lathunthu, ndipo kutchalitchi ndi dikoni woyatsa jenereta. Ndi munthu wofatsa, wosamwa, wosakwiya msanga, koma ali ndi nthenda imodzi: akangomva chinthu kamodzi, amakhulupirira kuti achidziwa chonse. Anawetapo nkhanga, zonse zinasamukira kwa aneba. Anawumbapo njerwa, mvula inazibweza kudothi. Za galimoto ankadziwa zochepa, ndipo laisensi anaitenga kalekale n'kuisunga m'Baibulo.

Chimene chinawachititsa kugula galimoto si kunyada kokha ayi. Apongozi awo, a Alfredo, bambo a mkazi wawo Lefina, ankakhala okha ku Zingalume. Nkhalambayi inabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, Lefina ali kakhanda kumsana, ndipo inalima chimanga ndi mtedza mpaka mawondo anakana. Achipatala ananena kuti akuluwo asamukire pafupi ndi boma mvula isanayambe, chifukwa dzinja likalowa msewu wa kumeneko umasanduka phala. Lefina ankaonda nayo nkhaniyi. Tsiku lina a Gideon anamumvera chisoni, pakamwa panathamanga.

"Amake Faith, lekani kudandaula. Apongozi ndikawatenga ndekha, pa motoka wanga."

"Motoka uti?" anafunsa Lefina.

Funsoli linali loona, ndipo linawawawa. Patangopita masabata ochepa, lole inatsitsa pabwalo pawo chinthu chimene anachipeza pa famu ina kufupi ndi Chipata. Inali landirova yakale ya asilikali, yopanda tayala limodzi, dzimbiri thupi lonse, pampando wa dalaivala pali chisa cha nkhuku. Mwini wake anawauza kuti imeneyi imakwera phiri chafutambuyo, ndipo a Gideon sanafunse kuti inakwera liti komaliza.

Lefina anaizungulira manja ali m'chiuno. "Bambo a Faith, mwagula motoka kapena khola?"

A Gideon anatsegula foni n'kuyamba kuonera mavidiyo a azungu okonza magalimoto oterewa m'magaraja oyera ngati chipatala. Iwo garaja yawo inali pansi pa mtengo wa mango. Anamasula injini yonse, zitsulo n'kuziika m'beseni lochapira la Lefina, timabawuti m'lichero. Pobwezera, timabawuti tina tinatsala, ndipo anauza mkazi wawo mosachita manyazi kuti opanga galimoto amaika tambiri dala. Anaitana a Philemon, amene amakonza zigayo, munthu wokhulupirira kuti chitsulo chilichonse chimamva nyundo. Awiriwa ankakangana tsiku lonse, wina akuloza foni, wina akumenya, ndipo palibe amene ankadziwa chimene akuchita.

Miyezi inapita, masamba anagwa, dzuwa linayamba kuotcha. Abusa anabwera kudzapempherera injini, anadzudzula mzimu wa dzimbiri, n'kuchoka ndi oyilo pa jekete. Pomaliza, Loweruka lina, a kwaya yonse anaikankha potsetsereka. Inatsokomola, inaphulika kawiri, kenako inalira ndithu. Utsi unakuta bwalo, amayi anaimba nthungululu akutsokomola, ndipo a Gideon anagwetsa misozi pa chiwongolero. Lefina naye analira, koma iye ankaganiza za bambo ake.

Panatsala penti. Lefina ankafuna yoyera, kuti izioneka ngati ya anthu. A Gideon anakana kwamtuwagalu. Mavidiyo onse ankanena kuti galimoto yakale imabwezeredwa mmene inalili, apo ayi waiphera ulemu. Anasakasaka mpaka anapeza penti yobiriwira moderako, yeniyeni ya asilikali. Kumbuyo anasoketsa tenti ya mtundu womwewo, nyali anazitchinga ndi waya, ndipo ku salaula, kogulitsa zovala za kaunjika, anadzigulira jekete yobiriwira ndi chipewa chake. Anthu a pa boma ankawachitira sawatcha pamsika, iwo n'kumabweza mosangalala.

Tsiku la ulendo mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa. Landirova inachita zonse zimene mwini famu uja analonjeza. Inadutsa mchenga, inawoloka khwawa, inasiya a njinga akutsokomola fumbi. Atayandikira mudzi wa a Alfredo, kumene mabanja ambiri ndi ochokera kutsidya kwa malire, a Gideon anakonza chipewa n'kuliza hutala motalika, kuti aliyense aone mmene mkamwini wabwerera.

Anthu anaonadi. Amayi amene ankasenda mtedza anataya malichero n'kulowa m'tchire. Bambo wina anagwetsa njinga, tayala likuzungulirabe. Achinyamata, amene sankadziwa chothawa, anathawa chifukwa akulu athawa. Pamene a Gideon ankazimitsa injini, m'mudzi monse munatsala mbuzi ndi wailesi yolankhula yokha pakhonde.

"Kapena kuli maliro," anatero a Gideon.

Lefina anatsika n'kuthamangira kunyumba ya bambo ake. Mphasa inali pakhonde, ndodo inali pambali pake, koma mwini wake kunalibe. Munthu amene ankafika kuchimbudzi mochita kugwiridwa mkono anali atasowa ngati mphepo.

"Atate! Ndine Lefina! Atate!"

Anawapeza pansi pa nkhokwe, atagona chafufumimba pakati pa zitosi za nkhuku, manja ataphimba kumutu. A Gideon anafuna kuseka, chifukwa mapazi okha ndi amene ankaonekera kunja. Koma ataona mmene mapaziwo ankanjenjemerera, kuseka kunawathera. Anavula chipewa, anavula jekete, n'kukhala pansi chapatali monga mkamwini.

Panatenga nthawi kuti Lefina awatulutse. Anawapukuta fumbi, anawamwetsa madzi. Nkhalambayo inayang'ana galimoto, kenako mkamwini wake.

"Ndinu, bambo a Faith?"

"Ndine, apongozi. Ndabwera kudzakutengani."

"Asilikali kwathu nawonso anatero," anayankha a Alfredo. "Motoka wake unali ngati umenewu, tenti yake yomweyi. Anaima pabwalo, analiza hutala. Anatenga akulu anga a Joseph ndi amuna ena, akuti akawathandize kunyamula katundu, abwera madzulo. Madzulo ake sanafike mpaka lero."

Lefina anagwira pakamwa. Anakula osadziwa kuti bambo ake anali ndi mkulu wawo. A Gideon anayang'ana penti imene anaifunafuna Chipata yense, ndipo anachita manyazi aakulu, oposa a nkhanga ndi njerwa zija kuphatikiza.

"Pepani, apongozi. Sindinadziwe."

"Mukanadziwa bwanji? Mwagwira ntchito, ndaona. Koma ine umo sindilowa."

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, akuthothola zisoso pa zovala, aliyense akunena kuti iye sanathawe, anangopita kukaona kumunda. Anayesa kuwanyengerera akuluwo. Lefina anagwada, anawakumbutsa za mawondo, anawalozera mitambo. A Gideon anachotsa tenti, anatsegula zitseko zonse kuti aone kuti mulibe munthu. A Alfredo anangopukusa mutu. Kupita ku boma anavomera, pakuti mwana wawo analira, koma osati m'menemo.

Ndiye a Stefano, aneba awo, anamanga ng'ombe pa ngolo. Anayalamo matiresi, anawakweza akuluwo, Lefina n'kukhala pambali pawo ndi ambulera. M'landirova analongamo matumba a mtedza, mpando, makasu ndi nkhuku zomanga miyendo. A Gideon analiza injini n'kuima pambali kuti ngolo itsogole, iwo azitsatira pambuyo mwaulemu.

Ngolo sinasunthe. A Alfredo anakweza dzanja, ndipo Lefina anabwera pawindo.

"Akuti mutsogole ndinu."

"Fumbi liwavuta. Auzeni nditsatira pang'onopang'ono."

"Ayi, bambo a Faith," anatero Lefina, maso ali ofiira. "Akuti ikhale kutsogolo, aziiona. Safuna kuimva kumbuyo kwawo."

A Gideon analowetsa giya yoyamba. Galimoto yokwera phiri chafutambuyo inanyamuka pa liwiro la ng'ombe, nkhuku zikulira kumbuyo, a njinga akuipitirira ndi kupereka moni. Ulendo wonse mpaka pa boma a Gideon sanakhudze hutala, ndipo nthawi iliyonse akayang'ana pagalasi ankapeza maso a nkhalamba ija ali pa galimotoyo.